Mzinda ukukula, pulani ili m'kabati: olemba mapulani amawerenga anthu ake ati?

Wapakhonde:
Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndithandizeni nzeru. Pafupifupi mzinda uliwonse waukulu m'maiko amene akutukuka kumenewa uli ndi pulani yake, chibuku chachikulu chokhala ndi mapu opakidwa mitundu: apa nyumba, apa mafakitale, apa paki. Koma ukapita kukaona pamalopo, pamene mapu akuti paki pali nyumba zothithikana, pamene akuti msewu waukulu wina anamangapo kale mpanda. Kodi olemba mapulaniwa sadziwa kuti anthu akuchuluka? Manambala alipo. Mu 2018 bungwe la United Nations linanena kuti anthu 55 mwa 100 alionse padziko lapansi ankakhala m'mizinda, ndipo pofika 2050 adzakhala 68 mwa 100 alionse. Amenewo ndi anthu ena pafupifupi 2.5 biliyoni, ambiri mwa iwo ku Asia ndi ku Africa. Nanga bwanji sukulu, mipope ya madzi ndi misewu nthawi zonse zimatsalira m'mbuyo? Ngati pagulu pano pali ogwira ntchito zoterezi, tiuzeni pamene pamakanika.

Chikwanje88:
Pamakanika n'poti aliyense akuthawa khasu. Abwezeni anthu kumudzi, mizinda ipumeko. Nkhani yatha.

MayiWaAtatu:
A Chikwanje, inuyo munabadwira kuti?

Chikwanje88:
M'tauni mommo, mayi. N'chifukwa chake ndikuyankhula.

Kalembera_Wakale:
Ndiye mwadziyankha nokha, achimwene. Ine ndinagwirapo ntchito ya kalembera, ndipo chimene ambiri safuna kumva ndi ichi: obwera kuchokera kumudzi ndi gawo limodzi chabe la kukula kwa mzinda. Gawo lina ndi ana obadwira mumzinda momwemo, ngati inuyo, tikachotsapo omwalira. M'maiko ambiri osauka gawo limeneli ndiye lalikulu, kawirikawiri limaposa theka. Palinso lina limene anthu saliganizira n'komwe: mudzi umene unali kunja kwa mzinda umamezedwa, kapena kamsika ka m'mbali mwa msewu kamakula mpaka boma kukalemba kuti ndi tauni. Anthu amenewo sanasamuke. Anagona ali akumudzi, n'kudzuka ali a m'tauni.

Komanso obwerawo sabwera ali nkhalamba. Amabwera ali ndi zaka 18, 22, 25, msinkhu wolowa m'banja. Mukatseka zipata lero, amene analowa kalewo aberekabe.

Zobweza anthuzo zinayesedwa. Mu 1970 bwanamkubwa wa Jakarta ku Indonesia, Ali Sadikin, analengeza kuti mzindawo watsekedwa kwa obwera opanda ntchito ndi pokhala. Nthawi imeneyo munali anthu pafupifupi 4.5 miliyoni, lero apitirira 10 miliyoni, osawerengera matauni ozungulira. China ili ndi lamulo la hukou kuyambira 1958, lomangirira munthu kumene analembetsedwa, koma anthu miyandamiyanda anapitabe kumizinda, kungoti ana awo amavutika kupeza malo pasukulu. Ku Zimbabwe mu 2005 Operation Murambatsvina inagumula nyumba ndi misika, ndipo lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anasowa pokhala kapena popezera ndalama. Harare akukulabe.

Chikwanje88:
Chabwino, mwandipanikiza. Koma musandiuze kuti obwerawo alibe mbali.

Kalembera_Wakale:
Mbali ali nayo, sindinakane. Ndikungoti pulani yomangidwa pa chiyembekezo choti anthu asiya kubwera ndi pulani yakufa isanabadwe.

Masamu_Ngokoma:
Ndiponyepo kasamu kophweka kuti tonse tiziyendera limodzi. Tengani 70 mugawe ndi mlingo umene mzinda ukukula pachaka. Ngati ukukula ndi 4 peresenti, 70 kugawa ndi 4 ndi 17 ndi theka: m'zaka zosakwana 18 anthu awirikiza kawiri. Pa 5 peresenti ndi zaka 14. Ndiye mwana amene wabadwa chaka chino, asanafike pamsinkhu wovota, mzinda wake ukufunika mzinda winanso wofanana nawo pambali pake. Sindikunena zokonza wakalewo ayi, winanso wathunthu.

Wopima_Malo:
Ine ndine saveya, ndiye ndikuuzeni mmene zimayendera mkatimo. Pulani ya mzinda imayamba ndi kusaka ndalama, kawirikawiri kwa opereka thandizo akunja. Zikapezeka amalemba kampani ya akatswiri. Akatswiriwo amatenga manambala a kalembera womaliza, mwina wa zaka 8 zapitazo, n'kulemba lipoti. Lipotilo lizungulire m'maofesi, lidikire makhansala akumane, lidikire nduna isaine. Pamene likutuluka, mzinda umene likufotokozawo kulibenso.

Ndinatumidwapo kukakhoma mabikoni a msewu kumalire a mzinda wina. Chithunzi chojambulidwa pandege chimene anandipatsa chinkaonetsa minda ndi mitengo. Nditafika ndinapeza malata okhaokha, ana akusewera mpira, ndipo penipeni pamene pankayenera kukhala bikoni yoyamba panali chimbudzi cha munthu, chatsopano, simenti isanaumitsitse. Mwini wake anatuluka ndi pepala logulira malowo, mboni zitasaina bwinobwino. Ndikanamuuza chiyani? Ndinajambula zithunzi, ndinalemba lipoti. Msewuwo mpaka lero kulibe, ndipo kumeneko munthu akadwala amamunyamula pamachira kukafika pamene ambulansi yalekezera.

Vuto si loti sitidziwa kuti anthu achuluka. Ambiri muofesi timadziwa. Koma pulani timailemba ngati chithunzi cha mmene tikanafunira mzinda uzioneka, osayamba tafunsa kuti m'zaka 20 zikubwerazi mabwera makomo angati, ndipo ndi ndalama zimene ali nazo angakwanitse kukhala mbali iti.

Wapakhonde:
Apa mwalasa, a Wopima. Koma ngati kalembera amachitika zaka 10 zilizonse, sangathe kuwerengera zam'tsogolo kuchokera pamenepo?

Ndale_Sindidya:
Zaka 10 zilizonse kuti? Dziko la Nigeria linawerenga anthu ake komaliza mu 2006. Democratic Republic of Congo mu 1984. Kinshasa yense uja, manambala amene mumawaonawo ndi oyerekeza. Ndipo ngakhale awerenge, nambala ya anthu ndi ndale: imabweretsa ndalama zochokera ku likulu ndi mipando ya kunyumba ya malamulo. Kalembera wa 2006 anapatsa boma la chigawo cha Lagos anthu 9 miliyoni ndi pang'ono. Akuluakulu a Lagos anakana, nkunena kuti kuwerenga kwawo kwapeza oposa 17 miliyoni. Tsopano iwe injiniya wa madzi, thanki uyesa ya anthu ati?

Kalembera_Wakale:
Nthawi zina zimalakwikira mbali inayo. Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti ku Kibera, mu Nairobi, kuli anthu 1 miliyoni. Kalembera wa 2009 anapeza pafupifupi 170,000. Ena anatsutsa kuti anawachepetsa, koma palibe amene anatha kuonetsa miliyoni ija. Nambala yaikulu imakometsa kalata yopemphera thandizo, ndiye aliyense ankangokopera kwa mnzake.

Za funso la a Wapakhonde: inde timawerengera zam'tsogolo, ndipo padziko lonse lathunthu zimatheka bwino ndithu, chifukwa obadwa ndi omwalira sasintha mwadzidzidzi. Pa mzinda umodzi zimayamba kuvuta. Pa dera limodzi la mzindawo ndiye zimavutiratu, chifukwa msewu umodzi watsopano kapena fakitale imodzi imatha kukoka anthu masauzande kumene palibe ankayembekezera. N'chifukwa chake wanzeru salemba nambala imodzi. Amalemba yotsika, yapakati ndi yokwera, ndipo posunga malo amatsatira yokwerayo. Malo osungidwa akapanda kufunika, alimi amapitiriza kulimapo, palibe chatayika. Koma akaperewera, mudzagumula nyumba za anthu.

Mnyamata_wa_IT:
Madala, masiku ano zonsezi setilaiti ikutha. Google inatulutsa mapu a nyumba za mu Africa mu 2021, nyumba iliyonse payokha, ulere. Gulu la WorldPop ku University of Southampton limayerekeza anthu pa kachigawo kalikonse ka mamita 100. Khonsolo ikungofunika laputopu ndi munthu mmodzi wodziwa.

MayiWaAtatu:
Setilaiti yanuyo imaona denga, mwanangu, siona amene agona pansi pake. Pamene ndimachita lendi, kutsogolo kuli nyumba imodzi ya eni ake, kuseri kuli mzere wa zipinda, denga limodzi lalitali, chipinda chilichonse banja lake. Tonse mpope umodzi, chimbudzi chimodzi, mita ya magetsi imodzi. Owerenga anthu atabwera, mayi eni nyumba anawalandirira pageti n'kuwauza kuti pano timakhala ine ndi ana anga basi. Ankaopa kuti zikadziwika kuti pali alendi, msonkho ukwera. Ndiye m'mabuku a boma ife a kuseri kulibe. Koma m'mawa pampope timakhalapo, pamzere.

Mnyamata_wa_IT:
Zoona mayi, koma ikusonyezabe kumene madenga atsopano akumera chaka ndi chaka. Zimenezo zokha zikanawapulumutsa a Wopima ulendo uja.

Wopima_Malo:
Zikanandipulumutsa ndithu. Zithunzizo ndi zabwino podziwa kumene mzinda ukulowera. Podziwa amene ali mkati, njira imene ndaiona ikugwira ndi yoti anthu a m'deralo adziwerenge okha, khomo ndi khomo, monga amachitira magulu a Slum Dwellers International, bungwe la anthu okhala m'madera othithikana. Mayi wa pamenepo sunganamize kuti kuseri kulibe anthu.

Gogo_Chitsulo:
Inu mukuzungulira. Muzu wake ndi kuberekana kopanda malire. Limbikitsani kulera, zina zonsezi zitha zokha.

Mkulu_wa_Mpingo:
Gogo, mwana ndi mphatso, si vuto la khonsolo. Tisamawaone ana ngati katundu wolemetsa.

Gogo_Chitsulo:
Mphatso imafuna kalasi yokhalamo, abusa.

Mkulu_wa_Mpingo:
Ndiye amange kalasiyo, ndi ntchito imene tinawasankhira.

Nesi_wa_Usiku:
Ndilowepo pang'ono, poti za kulera ndi ntchito yanga. Kulera n'kofunika, makamaka pa thanzi la mayi, ndipo mtsikana akakhalitsa pasukulu amachedwa kuyamba kubereka. Koma gogo, musayembekeze kuti kuchepetsa mzinda m'zaka 20 zikubwerazi. Amayi a 2040 anabadwa kale, ena ali ku pulayimale, ena ku sekondale, ndipo ndi ochuluka kuposa amayi a lero. Ngakhale aliyense atabereka awiri okha, obadwa pachaka adzakhalabe ambiri. Onani Bangladesh: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mayi mmodzi ankabereka ana oposa 6, pano ndi pafupifupi 2. Anachita bwino kwambiri. Koma Dhaka ndi madera omuzungulira ali ndi anthu oposa 20 miliyoni ndipo akukulabe. Kulera kuthandiza adzukulu athu. Msewu ndi mpope zikufunika kwa amene alipo kalewa.

Woyang'anira_Gulu:
Za kulera ndi mipingo zili ndi ulusi wake, chonde. Pano tibwerere ku mapulani a mizinda.

Mipope_ndi_Mathanki:
Ndibwezeretse nkhaniyi ndi mbali ya madzi. Ife sitilumikiza mpope kwa munthu, timalumikiza pakhomo. Ndiye nambala imene imandisowetsa tulo si ya mitu ya anthu ayi, ndi ya makomo. Tiyerekeze mzinda wa anthu 1 miliyoni, pakhomo pamakhala anthu 5. Amenewo ndi makomo 200,000. Anthu awirikize kawiri afike 2 miliyoni, koma mabanja achepe afike pa anthu 4 pakhomo, monga zimachitikira anthu akayamba kulera komanso achinyamata akamachoka kwa makolo msanga. Makomo afika 500,000. Anthu awirikiza kawiri, makomo kawiri ndi theka. Amene anangowerenga mitu waperewera ndi mapuloti 100,000, ndipo sakudziwa kuti zalakwika pati.

Chinanso, mzinda sumangokula ndi anthu, umayala. Gulu la Shlomo Angel ku New York University linayeza mizinda 200 ya padziko lonse pazithunzi za setilaiti, ndipo linapeza kuti malo omangidwa akukula mofulumira kuposa chiwerengero cha anthu. Kwa ine zimenezo zikutanthauza paipi yaitali pa munthu aliyense.

Paipi yaikulu timaiyesera zaka 20 kapena 25. Ukaika yaing'ono, madzi amafika kwa oyandikira thanki okha, a kumapeto mpope umangotulutsa mpweya, mwina udonthe 2 koloko ya usiku. Akatopa amakumba chitsime pakhomo, ndipo poti puloti ndi yaing'ono, chitsimecho chimakhala mapazi ochepa kuchokera pa chimbudzi cha neba. Mvula ikagwa, a Nesi aja ndi amene amalandira zotsatira zake, kolera. Koma choipitsitsa n'chakuti m'dera lomangidwa mwachisawawa ndilibe podutsitsa paipiyo. Ndimachita kukhotakhota m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo pamene pakhota pamadontha.

Maloto_Aakulu:
Bwanji osangosiya mizinda yakaleyi n'kumanga yatsopano pamalo opanda kanthu? Zonse mwadongosolo kuyambira pachiyambi. Brazil inatero, Nigeria inatero ndi Abuja, Egypt ndi Indonesia akutero pano.

Ndale_Sindidya:
Brasília, likulu la Brazil, anatsegulidwa mu 1960, pulani ya Lúcio Costa, yoyesera anthu 500,000. Amisiri amene anamanga mzindawo sanawaikire pokhala, poganiza kuti ntchito ikatha abwerera kwawo. Sanabwerere. Anakhazikika m'matauni a kunja monga Taguatinga ndi Ceilândia, ndipo lero chigawo chonsecho chili ndi anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, ambiri akukhala kunja kwa mapu okongola aja. Abuja anakhala likulu mu 1991. Kodi Lagos anachepa? Mzinda watsopano umasamutsa nduna ndi alembi awo. Wogulitsa pamsika amatsalira pamene pali makasitomala.

Maloto_Aakulu:
Ndiye tingokhala manja lende?

Wopima_Malo:
Ayi achimwene. Chimene ine ndimakhulupirira n'chaching'ono kwambiri poyerekeza ndi mzinda watsopano, ndipo n'chifukwa chake andale sachikonda, palibe riboni yodula. Khonsolo yosauka singamangire aliyense nyumba, anthu amamanga okha ndipo adzamangabe. Chimene munthu payekha sangachite ndi kusiya malo a msewu wodutsa dera lonse. Chimenecho ndiye khonsolo ichite, anthu asanafike.

Mu 1811 New York anali ndi anthu pafupifupi 100,000, onse kumunsi kwa chilumba cha Manhattan. Akuluakulu anajambula misewu pachilumbacho mpaka msewu wa nambala 155, kudutsa m'minda ndi m'mapiri momwe munalibe anthu, masaveya n'kukhoma miyala m'makona. Misewuyo inamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka makumi ambiri, koma malo ake anali atadziwika kale.

Musati izo n'za olemera. Kuyambira 2013 mizinda inayi ya ku Ethiopia, Hawassa, Adama, Bahir Dar ndi Mekelle, inachita zofananazo mothandizidwa ndi New York University. Anayerekeza anthu amene adzakhalepo m'zaka pafupifupi 30, n'kuwerengera malo amene adzafunike, kenako kujambula misewu ikuluikulu ya mamita 30 m'lifupi, yotalikirana kilomita imodzi. Kilomita imodziyo ili ndi chifukwa: aliyense amakhala mtunda woyenda wapansi mphindi zochepa kukafika pamene basi ingadutse. Phula lidzabwera ndalama zikadzapezeka. Chofunika lero ndi kulipira chipukuta misozi malowo akadali minda, chifukwa pakadzamera nyumba mtengo wake palibe khonsolo ingaukwanitse. Pamapu omwewo mumachotseratu madambo, magombe a mitsinje ndi mapiri otsetsereka, ndi kusunga malo a sukulu, chipatala, msika ndi manda. M'mera mpoyamba.

Mlimi_Sagona:
Bambo Wopima, mukuyankhula ngati minda imeneyo ilibe eni ake. Mzere umene mukujambula muofesiwo ukudutsa pamene wina amadyetsera ana ake. Ndipo poti mwatchula Ethiopia, tchulaninso zonse. Mu 2014 boma linatulutsa pulani yokulitsa Addis Ababa kulowa m'madera a Oromia. Alimi ndi ophunzira anaona kuti ndi njira yowalanda malo, kunabuka zionetsero, anthu ambiri anaphedwa, ndipo mu January 2016 pulaniyo inathetsedwa. Manambala a chiwerengero cha anthu mwina anali olondola. Koma amene ankataya malo sanafunsidwe, ndipo chipukuta misozi chimene alimi ozungulira mzindawo ankalandira chinali chochepa poyerekeza ndi mtengo umene malo omwewo ankagulitsidwa pambuyo pake.

Chinanso: tsiku limene mapu anu atuluke, woyamba kudziwa si mlimi. Ndi madobadoba ndi abale a mabwana. Amathamangira kukagula motchipa m'mbali mwa msewu umene kulibewo, n'kukhala phee kudikira.

Wopima_Malo:
Sindikutsutsani, bambo. Zonse mwanenazo ndi zoona, za madobadobazo ndaziona ndi maso. Koma taganizirani chimene chimachitika pakapanda pulani: mlimi yemweyo amagulitsabe, kachidutswa lero, kachidutswa mawa, pamtengo wolira, ndipo mapeto ake dera lonse lilibe msewu. Mzinda ufika pamunda pakepo, kaya tijambule kaya tisajambule.

Njira ilipo yoti mlimi asachotsedwe. Ku Japan, ku South Korea ndi ku Gujarat, m'dziko la India, eni minda amaphatikiza malo awo, boma n'kudula gawo la misewu ndi sukulu, kenako aliyense amabwezeredwa puloti yocheperako koma ili pamsewu, ndipo mtengo wake umaposa munda wonse uja. Msewu wozungulira Ahmedabad, wa makilomita 76, malo ake ambiri anapezeka motero. Zimafuna kaundula wa malo wodalirika ndi anthu okhulupirirana, ndipo pamenepo ndi pamene maiko ambiri amagwa. Za mapu, mankhwala ake ndi kuwapachika poyera tsiku limodzi kwa onse, pamsika, pasukulu, pawailesi, kuti pasakhale wodziwa yekha.

Mlimi_Sagona:
Kukhulupirirana mwakutchulako ndiye kulibe. Koma ndamva.

MayiWaAtatu:
Nanga ife amene tili kale mothithikanamu? Zonse mukukambazi ndi za obwera mawa.

Mipope_ndi_Mathanki:
Zimatheka mayi, kungoti n'zodula kuposa kuyambiratu. Jakarta yemwe uja anayamba Kampung Improvement Program mu 1969: osagumula madera a anthu osauka, koma kuikamo tinjira ta simenti, ngalande, mipope ndi zimbudzi. Ku Karachi, m'dziko la Pakistan, Orangi Pilot Project imene anayambitsa Akhtar Hameed Khan mu 1980 inathandiza anthu kukumba ndi kulipira okha masuweji a m'tinjira tawo, boma n'kutsala ndi paipi yaikulu yolandira zonse. Ndimaikonda chifukwa inagawa ntchito moona: zazing'ono anthu angathe, zazikulu sangathe.

Koma kukonza kokha sikukwana. Pamene mukukonza dera limodzi, kumalire kwamera ena atatu.

Kalembera_Wakale:
Ku Dar es Salaam m'zaka za m'ma 1970 anayesa zonse ziwiri ndi ngongole ya World Bank: madera ena anakonza akale, ena anadula mapuloti pamalo opanda anthu n'kuikamo misewu ndi madzi, anthu n'kumanga okha. Ofufuza atabwererako patapita zaka zoposa 30 anapeza kuti madera odulidwa anthu asanafike aja ndi amene ali ndi nyumba zabwino ndi misewu yolongosoka. Chenjezo langa ndi pa kukula kwa puloti. Malamulo ambiri anatsalira kwa atsamunda, amafuna puloti yaikulu imene wosauka sangaigule. Ukatero walamula wekha kuti theka la mzinda likhale lophwanya lamulo.

Aphunzitsi_a_Sitandade1:
Ine changa n'chimodzi. Palibe nambala yosavuta kudziwiratu kuposa ya ana oyamba sukulu. Mwana wobadwa chaka chino adzagogoda pakhomo la kalasi yanga pakatha zaka 6. Chipatala cha m'dera chili ndi kaundula wa obadwa ndi wa katemera. Ofesi ya maphunziro ili mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pamenepo. Koma mabuku awiriwa sanaonanepo. Chaka chilichonse timadzidzimuka limodzi tsiku lotsegulira, ana atakhala mpaka pakhomo, ena pawindo, ine choko m'manja ndilibe poponda kuti ndifike pabolodi. Ndipo pamene pankayenera kumangidwa makalasi ena, malowo anagawidwa kalekale.

Nesi_wa_Usiku:
Aphunzitsi, kaundulayo timalemba ndi manja athu, mwezi ukatha timatumiza kumtunda. Sindinamvepo kuti wina wa mapulani wabwera kudzamupempha.

Msonkho_Ndi_Ine:
Palibe amene watchula malire, ndiye nditchule ine. Kukula kwambiri sikuchitika mkati mwa mzinda, kukuchitika kunja kwa mzere umene khonsolo ya mzinda imalamulira. Kumeneko ndi kwa khonsolo ya boma la kumudzi, imene mwina ilibe wolemba mapulani ngakhale mmodzi, ndipo malo amagawa ndi mafumu kapena eni minda. Anthuwo m'mawa amalowa mumzinda, amagwiritsa ntchito misewu, misika ndi zipatala zake, madzulo n'kubwerera. Mzinda sungatolere msonkho wa nyumba zawo, sungajambulenso msewu kwawoko. Ndalama zochokera ku likulu nazo zimagawidwa potengera kalembera wakale. Ndiye a Wopima akhoza kujambula bwino, koma akujambula pamalo a eni.

Ndale_Sindidya:
Ndipo khansala ali ndi zaka 5 zokha pampando. Msewu wa 2045 umupatsa voti yanji?

Chikwanje88:
Ndiye mwabwerera kwa ine. Ngati zonsezi sizingatheke, bwanji osatukula kumudzi ndi matauni ang'onoang'ono kuti anthu asamathamangire mzinda umodzi?

Kalembera_Wakale:
Apa tsopano mwanena zomveka, kusiyana ndi zowabweza zija. Matauni apakati ndi ofunika kwambiri, ndipo anthu ambiri a m'mizinda padziko lapansi sakhala m'zimizinda zikuluzikulu zotchukazo, amakhala m'mizinda yosafika anthu 1 miliyoni. Kumeneko malo akadali otchipa, ndiye njira ya a Wopima ingagwire msanga. Koma musayembekeze kuti kutukula kumudzi kuletsa anthu kusamuka. Mlimi akapeza bwino amaphunzitsa mwana, ndipo mwana wophunzira amakasaka ntchito kutauni.

Gogo_Chitsulo:
Muziwerenganso ife okalamba. Maiko ngati Thailand ndi Sri Lanka akukalamba asanalemere. Mzinda womangidwira anyamata okhaokha, masitepe ponseponse, chipatala kutali, udzawasowetsa mtendere omwewo akadzafika msinkhu wangawu.

Wapakhonde:
A Wopima, funso lomaliza kwa ine. Tinene kuti malire akonzedwa, alimi alipidwa, mabikoni akhomedwa. Phula lidzabwera patapita zaka 15. Chiletsa munthu kumanga pamsewupo n'chiyani? Chimbudzi munachipeza chija sichingabwerenso?

Wopima_Malo:
Bikoni yokha siiletsa, amazula usiku, ena amakaswera miyala ya maziko. Msewu uyenera kuoneka kuti ndi msewu kuyambira chaka choyamba. Dutsitsani giredala ngakhale kamodzi pachaka mvula ikatha, njinga ndi ngolo ziyambe kudutsa. Bzalani mitengo m'mbali zonse ziwiri. Ndipo amene agula mapuloti oyang'ana msewuwo apatsidwe mapepala osonyeza kuti kutsogolo kwawo ndi msewu: amenewo ndiye alonda enieni, chifukwa wina akamanga pamenepo watsitsa mtengo wa malo awo. Pamene ndaona zikukanika ndi pamene womangayo ndi munthu wamkulu, amene neba sangamuloze chala.

Msonkho_Ndi_Ine:
Mafuta a giredalayo alowe mu bajeti ya khonsolo iti, ya mzinda kapena ya kumudzi ija? Ndikufunsa chifukwa ndikudziwa kuti onse awiri adzati si kwawo.